Magazi Amene Anathera pa Geti

Lachinayi, 14 Ogasiti 2025

Andigoneka bedi nambala 9, wodi ya amayi odikira opaleshoni, m'mwamba, pafupi ndi zenera loyang'ana ku geti. Kope ili ndagula kuti ndizilemba zimene madokotala akunena, chifukwa abale anga akamva mawu amodzi amabereka khumi.

Jenala, zaka 28, mwana mmodzi, Thandi. Sikelo yati makilo 47. Chaka chatha ndinali 63.

Matenda: khansa ya m'matumbo aakulu, mbali ya kumanzere. Inafika kale ku chiwindi, zotupa ziwiri. Kimo, mankhwala a khansa a pa diripi, ndinamaliza ku Lusaka, maulendo asanu ndi limodzi, ndipo sikani yaonetsa kuti zotupa za kuchiwindi zafota. China chatsala ngati njere ya mtedza, china ngati dzira la nkhunda, ndipo cha dziracho chakhala pafupi ndi mtsempha waukulu. Dokotala Nyirongo ndi yekha amene amadula chiwindi kuno ku Ndola, ndipo amabwera kuchokera ku Lusaka kamodzi pa masabata asanu ndi limodzi. Lachinayi likubwerali, pa 21, akufuna kuchotsa zonse tsiku limodzi, matumbo ndi chiwindi chomwe.

Ndikufuna achidule chinthu chimenechi, andipatse m'manja, ndichiponde ndi chidendene.

Lachisanu, 15 Ogasiti

Magazi anga ndi 8.9, ochepa. Andipatsa mankhwala a ayironi pa diripi, akuda ngati tiyi wopanda mkaka.

Sisitala Taizya, wamkulu wa wodi ino, andiuza mosabisa. Opaleshoni ya chiwindi imafuna mapaketi asanu ndi limodzi a magazi akhale okonzeka mufiriji. Amtundu wanga, O, amene angandisungire ndi limodzi lokha. Masukulu atseka, ndipo magazi ambiri amachokera kwa ana a sekondale. "Uza abale ako abwere adzapereke pofika Lachiwiri, kuti ayezedwe nthawi ikadalipo."

Ndatumiza uthenga pa gulu la banja. Ayankha anthu 23. Onse atumiza chithunzi cha manja opemphera. Manja alipo, mikono palibe.

Bedi 10 kuli a Felistas, ogulitsa tinsomba ta kapenta ku msika wa Masala, anawadula mwendo chifukwa cha shuga. Chinyanja chawo n'chodzaza ndi Chibemba. Amati mwendowo umawayabwabe, ndipo amandipempha ndiwakandire. Ndikayang'ana pamene palibe mwendo amaseka mpaka kutsokomola.

Loweruka, 16 Ogasiti

Wabwera Jairus. M'kope langa sindilemba "a Jairus", ulemuwo anaugulitsa yekha.

Ndilembe kamodzi kokha. Mu Meyi, ine ndili ku Lusaka ndikusanza m'beseni tsitsi likuthothoka, mwamuna wanga ankaimika minibasi yake ku Chamboli, pakhomo pa Gwen wa kabuthu ka ndalama za pafoni. Ndinapeza mauthenga. Anavomera, analira, anagwada pa simenti. Sindinauze munthu. Ndinatenga Thandi n'kupita kwa mng'ono wanga Esme ku Itawa, ndinangoti kumeneko n'kufupi ndi chipatala.

Lero waima kumiyendo kwa bedi, chipewa m'manja ngati wabwera pamaliro.

"Amake Thandi, za magazi ndamva. Ndalankhula ndi anzanga pa siteshoni. Madalaivala ndi makondakitala eyiti avomera. Lachiwiri pa 13:00 ndiwanyamula ndekha."

"Gwen alinso momwemo? Iye magazi ali nawo ambiri, amadya za nyumba ziwiri."

"Amake Thandi, chonde."

Ndinamugenda ndi kapu yachitsulo. Inamupeza pamwamba pa diso. Sanazinde n'komwe. Anaitola, kukaitsuka pa mpopi, kuibweza pa kabati, n'kutuluka. Zimenezo ndi zimene zimandipsetsa mtima koposa. Akanatukwana ndikanapeza pogwira.

A Felistas anati, "Mwaice wandi, mng'ono wanga, dzanja limenelo si la wodwala. Ukachira ubwere ku Masala uzindithamangitsira akuba."

Lamlungu, 17 Ogasiti

Atatuluka m'tchalitchi abwera azakhali a Mainess, alongo ake a malemu atate, pamodzi ndi alongo anga a Witness amene amagwira ntchito pansi pa mgodi ku Mindolo. Abweretsa nkhuku ndi mpunga. Ndadya masupuni atatu, zina zonse a Felistas.

Azakhali anandikweza bulauzi n'kundisisita mimba. Mayi ameneyu Lachisanu amavala zoyera za Chigwirizano cha amayi a kutchalitchi, nyimbo zonse za m'buku ali nazo pamtima, koma akaona munthu akuonda amaiwala abusa.

"Mwana wa mlongo wanga, ine ndakula. Kuonda uku, kutupa mapazi uku, magazi kuchimbudzi. Uwu ndi mdulo. Mwamuna akayenda kunja, n'kubwera kudzadya nawe mchere m'mbale imodzi, amakudula. Mpeni suchiza mdulo. Wolakwayo aulule, athire mchere m'mankhwala ndi dzanja lake, iwe umwe. Basi. Tandiuza, atate ake a Thandi sanayende?"

A Witness anali atapinda mikono. Mikono imeneyo ndi yoboola miyala.

Ine ndinafika giredi 12. Sayansi ndinakhoza bwino. Sikani yanga ndinaiona ndi maso anga. Koma nkhaniyi ndinali nditaisunga ndekha kuyambira Meyi, ndipo lero munthu wandifunsa.

Ndinati, "Kamufunseni za Gwen wa ku Chamboli."

Azakhali anawomba m'manja kamodzi. A Witness anangoti, "Amabwera liti kuno?" Ndinawauza. Lachiwiri, 13:00.

Ndinawafunsa za magazi. A Witness ati munthu wa pansi pa mgodi akachotsa magazi amagwa ndi chizungulire. Bodza. Akuopa kuyezedwa, ndikudziwa.

Lolemba, 18 Ogasiti

Esme wapereka paketi. Adikoni ena a kutchalitchi kwathu aperekanso. Pamodzi ndi la mufiriji lija, atatu. Anthu a Jairus akabwera mawa tidzapitirira.

Sisitala Taizya andijambula kadontho ndi cholembera chakuda kumanzere kwa mchombo. Ngati matumbo sadzalumikizika bwino, adzatulutsa nsonga yake pamenepo, chimbudzi chizigwera m'thumba lomata pamimba. Andiimiritsa, kundikhazika, kundiweramitsa, kuti malowo asagwere pamene pamadutsa chitenje. Ndasaina mapepala atatu. Limodzi likuti ndikhoza kufera pa tebulo. Ndasaina bwinobwino, dzina lonse.

Masana a Felistas anandifunsa akusenda lalanje, osandiyang'ana.

"Bana Thandi, magazi a kuchimbudziwo anayamba liti?"

"Zaka ziwiri zapitazo."

"Nanga Gwen anayamba liti?"

Ndinatembenukira ku khoma.

"Awe, ine ndangofunsa. Ndilibe mwendo, koma makutu onse alipo."

Foni inali pansi pa pilo. Nambala ya a Witness ili pamwamba penipeni. Ndinaganiza kuti akangomuwopseza, mwina mbama ziwiri. Ndinati mbama ziwiri n'zake ndithu. Sindinaimbe.

Lachiwiri, 19 Ogasiti

Ndilemba monga ndinaonera pa zenera.

12:55. Minibasi yabuluu yaima kunja kwa geti. Atsika amuna asanu ndi atatu, ena akupinda kale manja a malaya, akusekana kuti ndani adzakomoke poona singano. Jairus watsika pomaliza, pulasitala pamwamba pa diso.

A Witness anatulukira kumbuyo kwa amayi ogulitsa nthochi, ndi anzawo awiri a kumgodi. Azakhali anali pambuyo, chigubu cha mankhwala m'manja. Mawu sindinawamve onse, koma "ulula" ndinamva. Jairus anakweza manja. A Witness anamumenya chibakera cha pakamwa.

Chibakera choyambacho ndinakondwa nacho. Ndalemba, chikhale choncho.

Chachiwiri anagwa. Mnzawo wa a Witness anasolola kachitsulo m'buluku, kaja amaboolera miyala, n'kumenya pa nsagwada. Kulira kwa fupalo kunafika m'mwamba muno, ngati wina wathyola chinangwa chouma. Anamuponda ndi majombo a kumgodi, aja okhala ndi chitsulo kutsogolo, m'nthiti, m'mutu. Madalaivala anathamangira m'basi n'kutuluka ndi sipanala ya matayala ndi jeke. Nthochi zinamwazika msewu wonse. Dalaivala wina wamkulu, wa imvi, anang'ambidwa pamphumi, magazi kutsikira m'maso, akungomenya mphepo. Mlonda anatseka geti n'kuima mkati.

Ndinamenya galasi ndi zikhatho, kukuwa kuti lekani, mpaka singano ya diripi inazuka, magazi anga kuyenderera pa mkono. Palibe anayang'ana m'mwamba.

Jairus anagona chafufumimba pa phula. Dziwe lofiira linakula mozungulira mutu wake mpaka linapeza ngalande.

Apolisi anatenga a Witness, anzawo awiri ndi madalaivala atatu. Otsala anakwera basi n'kuthawa chitseko chili chotsegula. Palibe ndi mmodzi yemwe amene analowa kukapereka magazi.

17:00. Sisitala Taizya andibayanso singano pa dzanja lina, mosanyengerera. Jairus ali wodi ya abambo, kumapeto kwa khonde lomweli. Nsagwada yathyoka pawiri, nthiti zitatu, mutu asoka. Anataya magazi ambiri. Nayenso ndi O, ndipo panalibe ena. Amupatsa paketi limodzi mwa atatu anga aja.

Atsala awiri.

Lachitatu, 20 Ogasiti

Tsiku lotsuka matumbo. Chakudya ayi. Malita awiri a madzi amchere onunkha ngati sopo, kapu imodzi mphindi khumi zilizonse. Kuchimbudzi maulendo 11.

Dokotala Nyirongo afika masana. Munthu wamfupi, wolankhula pang'onopang'ono. Awerenga fayilo osakhala pansi.

"Mayi, matumbo ndingadule ndi mapaketi awiri, ndipo sitingadikire, njira yatsala pang'ono kutsekeka. Chiwindi n'china. Chimasunga magazi ngati thonje lonyowa, ndipo chotupa chanu chili pafupi ndi mtsempha. Mtsemphawo ukang'ambika ndili ndi mapaketi awiri, ndidzakhala ndakuphani ine. Taimba ku Kitwe. Akapezeka ena pofika m'mawa, ndichita zonse."

"Akapanda kupezeka?"

"Ndibweranso pa 2 Okutobala. Tidzajambulanso sikani. Ngati chotupacho sichinagwire mtsempha, ndidzadula."

"Ngati chagwira?"

Anatseka fayilo. "Tidzakambirana nthawi imeneyo."

Atangotuluka, azakhali a Mainess analowa ndi chigubu chija. Anali atadutsa ku wodi ya abambo. Anagwira dzanja la Jairus ali m'tulo ta mankhwala, kulipanitsa mchere, n'kulikutumulira m'chigubu. Anandiuza monyadira.

"Dzanja lake lathira. Imwa, mwana wanga, mawa sadzapeza chodula."

Ndinalandira kapu ndi manja awiri, mwaulemu, monga anandiphunzitsira. Kenako ndinawakhuthulira kumaso. Zinatsikira pa bulauzi, zobiriwira, mizu ikulendewera. Chigubu ndinachiponya ku khoma.

"Magazi anga ali mu ngalande pa geti, azakhali. Pitani mukawatunge ndi chigubu chanucho."

"Jenala! Ndiwe amene unatiuza!"

Ndinabweza kapu pa kabati.

Azakhali anapukuta nkhope ndi chitenje. Analira. Anati akufuna kupereka magazi awo. Sisitala anawafunsa zaka, 68, anati n'zosatheka. Anatuluka akukoka mapazi. Sindinawaitane.

Lachinayi, 21 Ogasiti

06:10. Andimeta, andiveka chovala chotsegula kumbuyo. Ku Kitwe sikunabwere kanthu. Esme wandionetsa Thandi pa foni, akutsuka mano. Tirole yonditengera ku opaleshoni yafika.

Loweruka, 23 Ogasiti

Ululu. Chubu m'mphuno, chubu cha mkodzo, chubu cham'mbali chotulutsa madzi ofiira. Thumba lilipo, pa kadontho paja penipeni.

Ndinafunsa kuti, "Chiwindi?" Sisitala anayamba kukonza diripi imene inali bwinobwino.

Lamlungu, 24 Ogasiti

Dokotala wamng'ono wandiwerengera. Adula matumbo masentimita 24 pamodzi ndi timabulu 17 ta mwanabere tozungulira, atumiza kukayeza. Opaleshoni inatenga maola atatu ndi theka. Mapaketi onse awiri anandithira. Chiwindi anachiona, anachigwira ndi dzanja, anatseka.

Dokotala Nyirongo anachigwira chinthucho ndi zala zake n'kuchisiya momwemo. Chili muno, pansi pa nthiti, chikudya.

Kimo sangandipatse mpaka bala lipole. Masabata amenewa chilibe wochiletsa.

Kutentha thupi 37.9. Jekeseni wa ululu maola asanu ndi limodzi alionse. Amatha mphamvu pa ola lachinayi, maola awiri otsalawo ndimaluma pilo.

Lolemba, 25 Ogasiti

Achotsa chubu cha m'mphuno. Ndamwa madzi masupuni asanu. Thumba latulutsa mpweya koyamba, phokoso ngati njinga yamoto, adokotala ali pomwepo. A Felistas anakuwa, "Wodini uko? Lowani!" Kuseka kumapweteka ngati akundisokanso.

Andiimiritsa. Masitepe asanu ndi limodzi, ndinaona mdima.

Esme wati a Witness akadali m'chitokosi, ndipo ku ntchito awaimitsa. Akazi awo andiimbira kasanu. Sindinayankhe. Esme wati akufuna ndikalankhule ndi Jairus athetse mlandu. Aliyense ali ndi chimene akufuna kwa Jairus tsopano.

Ndinafunsa Sisitala ngati masukulu akatsegula magazi adzakwane. Anati, "Adzabwera, inde. Koma amayi obereka ndi a ngozi zapamsewu adzayamba ndiwo. Mapaketi asanu ndi limodzi a munthu mmodzi usadalire mwayi. Peza anthu ako, Jenala. Ndipo ulendo uno alowe pa geti."

Pa gulu la banja anthu akutsutsana ngati mankhwala a azakhali akanagwira ntchito ndikanamwa. Ndatulukamo.

Lachiwiri, 26 Ogasiti

Phala lamadzimadzi, theka la kapu. Andiphunzitsa kusintha thumba. Nsonga ya matumbo ndi yofiira, yonyowa, ngati kamwa la mwana. Ndinasanza, kenako ndinasintha ndekha.

Masitepe 40, mpaka pa chitseko cha wodi. Khonde ndi lalitali. Wodi ya abambo ili kumapeto.

Ndawerenga anthu amene ndingawapemphe. Esme sangaperekenso miyezi itatu isanathe, adikoni chimodzimodzi. Anzanga a kusukulu awiri, mmodzi ali ndi pakati. Ndawerenga kawiri. Anthu amene anapinda manja a malaya chifukwa cha ine ndi aja a pa siteshoni basi, ndipo sindidziwa dzina la mmodzi yemwe.

Lachinayi, 28 Ogasiti

Makilo 44. Chubu cham'mbali chatulutsa 60 ml, mawa achotsa.

Pa 10:30 ndinagwira mtengo wa diripi dzanja limodzi, botolo la chubu dzanja lina, n'kuyamba khonde. Ndinapuma katatu. Masitepe 212.

Sindinamuzindikire. Nkhope yatupa ngati dzungu, diso limodzi latsekeka, mano amangidwa ndi waya, apamwamba ndi apansi pamodzi. Pa kabati panali kapu ya phala ndi kachubu komwera. Atandiona anayesa kudzuka, nthiti zinamukana.

Ndinakhala pa mpando chifukwa miyendo inatha, osati chifukwa china.

"Ungolankhula ndi maso, waya wakuthandiza, lero sunama."

Diso lija linandiyang'ana.

"Matendawa si iwe unandipatsa. Anayamba Gwen asanabwere. Ndinkadziwa pamene ndinkauza a Witness. Tsiku ndi nthawi ndinawauza ndine. Mlandu umenewo ndi wanga."

Misozi inatuluka m'diso lotsekekalo. Anatambasula dzanja kuti andigwire. Ndinalichotsa.

"Usafulumire. Wako uja ukadalipo, sunachepe ndi pang'ono pomwe. Sindinabwere kudzakhululuka. Chiwindi sanadule. Dokotala abweranso pa 2 Okutobala, ndipo ndikufuna anthu asanu ndi mmodzi. Ndipatse manambala a anzako."

Foni yake inaphwanyika pa geti. Ndinamupatsa yanga. Analemba ndi chala chimodzi, nthawi yaitali, manambala anayi amene ali nawo pamtima. Pa yoyamba analemba kuti, "Ba Cyril. Wa imvi uja. Yamba ndi iwo, ena amawamvera. Akatukwana usawayankhe."

Pobwerera Sisitala anandikweza pa njinga ya odwala, akundikalipira njira yonse.

14:00. Ndaimba.

"Ba Cyril, ndine mkazi wa a Jairus."

Anatsegula pakamwa. Chibemba chonse cha pa siteshoni, chimene sichilembedwa m'kope. Anasokedwa kasanu ndi kawiri pamphumi. Anagona masiku awiri m'chitokosi pa msinkhu wawo. Anasiya ulendo wa masana, basi yodzaza, kuti adzapatse magazi mkazi amene sanamuonepo, ndipo anawalandira ndi chitsulo. Anatukwana alongo anga, azakhali anga, mudzi wa kwathu ku Katete, mpaka amene anandibereka. Mayankho anali atafola pa lilime langa, akuthwa onse. Ndinaluma chitenje.

A Felistas anasiya kudya, akundiyang'ana ngati aona mbuzi ikuwerenga nyuzipepala.

Atatopa ndinati, "Zonse mwanenazo n'zoona, ba Cyril. Ndikupemphabe. Pofika pa 29 Seputembala."

Anadula foni.

Ndamwa madzi. Ndikuimba nambala yachiwiri.